Mbale Yakeyake ya Noah

Mukamachokera ku Zalewa n'kulowa pa Phalula, musanafike pamene amayi amaunjika tomato, muona chiwaya chokhala ndi lata lolembedwa ndi penti yofiira kuti TAPAMBANA KALE. Mwini wake ndi bambo wamtali, woonda, amene amavala malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala, pomwe dzuwa la ku Balaka limathamangitsa ndi mbuzi zomwe kukabisala pansi pa malole. Ameneyo ndi Noah, mlongo wanga. Ine ndine Matilda, wamkulu wake, ndipo tomato wanga ndimaunjika pambali pake penipeni. Malowo si abwino ayi. Utsi umandilowa m'maso tsiku lonse ndipo tomato amafota msanga. Ndinasamukirapo kuti ndizimuona.

Tinabadwira ku Utale, m'banja la Alhomwe. Agogo athu anachoka ku Mozambique wapansi, ndipo chimene anatisiyira ndi munda wamiyala ndi chizolowezi chopemphera tisanadye. Noah anayamba kugwa chaka chimene anayamba sukulu. Tinali pa mjigo m'mawa. Anangoima duu, maso ali tong'o, kenako anakuwa, khuu pansi, miyendo ikupalasa fumbi, thovu likutuluka mkamwa. Amayi onse amene anali pamzere anathawa n'kusiya ndowa zawo. Pofika masana mudzi wonse unali utadziwa kuti mwana wa kwathu ali ndi khunyu.

Za khunyu anthu a kwathu amadziwa zinthu zitatu, ndipo musawatsutse, mungotaya malovu. Amati thovu la wodwalayo likakukhudza, nawenso uyamba kugwa. Amati ukadya naye mbale imodzi, watenga. Amatinso wa khunyu akangopsa ndi moto, basi, palibe mankhwala kapena pemphero lomwe lingamuchize. Amayi athu ankakhulupirira zonsezo, komanso Noah ankamukonda kuposa tonsefe. Choncho anamugulira mbale yapulasitiki yobiriwira ndi kapu yake, n'kuziboola m'mphepete ndi msomali wamoto kuti zisasokonezeke ndi zathu. Ife tinkadyera pamodzi pamphasa. Iye ankadyera pakhonde, atatiyang'ana.

Nkhani ya moto inali ntchito yanga. Amayi akamapita kumunda ankatenga chitenje, mbali imodzi n'kumanga m'chiuno mwa Noah, inayo m'chiuno mwanga. Ubwana wanga wonse ndinautha ndili womangiriridwa kwa mlongo wanga ngati mbuzi ziwiri zopita kumsika. Anzanga akusewera fulaye, ine ndikukoka Noah kuti achoke pafupi ndi mafuwa. Ndinkamuda masana, madzulo n'kumamumvera chisoni.

Sukulu anailekera panjira, chifukwa akangogwa m'kalasi ana onse ankatulukira pa zenera. Asing'anga anamutema mphini thupi lonse, anamuveka zithumwa mpaka ankalira ngati ng'ombe ya belu akamayenda, koma kugwa osasiya. Mapiritsi a kuchipatala ndi amene ankathandizako. Ankachepetsa kugwa, kungoti ankamugonetsa tulo, ndipo pokatenga ankaima pamzere umene aliyense ankadziwa kuti ndi wa anthu otani. Anakula choncho, kumera ndevu choncho, ali ndi mbale yake yobiriwira. Palibe mtsikana amene ankamupatsa moni wa pamanja.

Ndiye kunabwera Abusa Yotamu. Ndiwanenere zoona, chifukwa ndawanyoza kokwanira pamoyo wanga. Sanali mbava. Anali mlimi wa thonje wa kwathu komweko, wa njinga yakapalasa ndi tayi imodzi, ndipo mpingo wawo unali chisakasa cha udzu chokhala ndi anthu ochepa oti mungawadyetse nkhuku imodzi. Ulaliki wawo unali umodzi chaka chonse. Ankati moyo wa Mkhristu ndi nkhondo yolimbana ndi Satana ndi ziwanda zake, koma nkhondoyo inathera pa mtanda. Mkhristu samenya kuti apambane, anapambana kale, chake n'kungoima nji osasuntha. Ndipo chitseko chimene mdani amalowera ndi pakamwa. Ukanena kuti ndikudwala, wamutsegulira wekha.

Anachititsa msonkhano wa chitsitsimutso pansi pa mlambe, ndipo Noah anapita, anakhala kumbuyo monga mwa nthawi zonse. Ataitana odwala, iye anaimirira n'kupita kutsogolo. Akumupempherera choncho, anagwa pomwepo, kugwa kwenikweni kuja. Anthu anabalalika. Koma Abusa anagwada, anaika mutu wa Noah pamiyendo pawo, n'kupukuta thovu lija ndi dzanja lawo lenileni, osati ndi nsanza. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinalira mokweza ngati pamaliro. Chibadwire ndinali ndisanaonepo munthu wosakhala wa m'nyumba mwathu akumukhudza atagwa.

Atatsitsimuka, inali nthawi ya chakudya. Azibambo anazungulira beseni lawo, ndipo Abusa anamugwira dzanja Noah n'kukamukhazika pakati pawo. Anatapa, Abusa n'kutapa pomwepo. Enawo anayang'anana, kenako nawonso anatapa. Tsiku limenelo mlongo wanga, munthu wandevu, anadya ndi anthu koyamba. Atafika kunyumba anatenga mbale yobiriwira ija, kapu, zithumwa ndi mapiritsi, n'kukaponya zonse m'chimbudzi. Amayi anakhala pansi n'kugwira mutu.

Ndipo kugwa kunasiya. Mundifunse mmene mungathere, yankho langa ndi lomwelo: kunasiya. Dzinja linadutsa, chilimwe chinadutsa, zaka zinayamba kuunjikana, Noah osagwa. Ine ndimapemphera mpingo wina, wa mabenchi ndi nyimbo za m'buku, koma masiku amenewo ndinkathokoza Mulungu wa Abusa Yotamu osachita manyazi. Amayi anamwalira ali okondwa, atadya naye mbale imodzi.

Umboni wa Noah unayenda kuposa mwini wake. Abusa ankamukweza pakaliyala n'kumupititsa m'midzi ya Utale, ku Balaka, kuwoloka Shire kukafika ku Liwonde, mpaka kwa Mposa. Paliponse ankaimirira, kuonetsa mphini zake, n'kunena kuti, “Ine ndinali wa mbale yangayanga, koma Yesu anapambana, nanenso ndapambana.” Anthu ankadumpha. Chisakasa chija chinasanduka kachisi wa njerwa ndi malata, ndipo Abusa anatsegula nthambi pa Phalula. Kunena mosabisa, njerwa zimenezo anaumba ndi mlongo wanga, ndi pakamwa pake.

Ganizo la chiwaya linachokera kwa Abusa. Anati munthu amene Satana anamutsekereza kumoto ndi kumbale ayenera kuima pamoto n'kumadyetsa anthu, kuti mdani azichita manyazi tsiku lililonse. Mpingo unasonkha, anagula chiwaya, mafuta ndi thumba la mbatatesi za ku Ntcheu, mnyamata wa kwaya n'kulemba lata lija. Ine nditamva, ndinathamangira kwa Noah. Ndinamupeza akusenda mbatatesi.

“Achimwene, ntchito zatha padziko lapansi? Osagulitsa sopo bwanji, kapena kaunjika? Mwa zonse mwasankha mafuta owira?”

Anaseka. “Achemwali, inu mukadali ndi chitenje chija m'mutu. Chimasuleni, ine ndinamasuka kale.”

Ndipo chipsi chake chinali chabwino, ndisaname. Ankadziwa nthawi yovuula, kabichi wake ankadula woonda, tsabola wake ankakuliritsa koma n'kubweranso mawa. Madalaivala a malole ankaima dala pa Phalula chifukwa cha iye. Ndinkamuona akamathira mchere ndi zala zake, munthu n'kulandira n'kudya osaganiza kanthu, nkhope yake inkawala. Ena ankaona malonda. Iye ankaona anthu akudya za m'manja mwake.

Pafupi ndi chiwayacho panali tebulo la nyama la Che Hamadi, Msilamu wa kwa Mposa, bambo wamfupi wa mawu ngati wailesi yoonongeka. Kunyumba kwawo kunkakhala mwana wa mlongo wawo, Maryam, amene anabwera kudzagulitsa mpunga wa kwawo. Maryam anamva umboni wa Noah, anadya chipsi cha Noah, ndipo zotsatira zake mukuzidziwa. Analowa mpingo, anakwatirana, ndipo kwa Mposa anamuuza kuti asadzapondeko. Che Hamadi anasiya kupereka moni kwa onse awiri. Nyama yokha ndiye anapitiriza kumugulitsa Noah, poti mbuzi inalibe nawo mlandu. Ankangoloza ndi mpeni, Noah n'kuloza ndi chala, malonda n'kutha popanda mawu. Kenako kunabadwa Tasha, ndipo ine ndinaganiza kuti nkhani ya mlongo wanga yathera pabwino.

Tsiku lina ndikuthyola nandolo kumunda, ndinangoona Maryam wafika, Tasha ali kumbuyo. Sanakhale n'kukhala komwe.

“Alamu, zayambanso.”

Sindinafunse kuti chiyani. Anati anamupeza kubafa m'mawa, atagwa, lilime atadziluma. Atadzuka anati waterereka ndi sopo. Patapita masabata anagwanso m'munda, ndipo ulendo uno panalibe sopo woti amunamizire. Maryam anali asanaonepo khunyu la mwamuna wake, iye anakwatiwa ndi munthu wa umboni.

“Ndikauze ndani, alamu? Kumpingo akati ndine ndabweretsa ziwanda za kwathu. Kwa Mposa akati tinkakuuza. Ndipo m'mawa uliwonse akuyatsa moto uja.”

Ndinasiya dengu m'munda momwemo n'kupita pa chiwaya. Ndinadikira kuti ogula achoke.

“Achimwene, matenda aja abwerera. Tiyeni kuchipatala.”

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'kachisi. “Mawu amenewo musawatchule pano, achemwali. Si matenda. Ndi mdani akugogoda kuti aone ngati nditsegule. Ine sinditsegula.”

“Nanga akagogoda muli pamafuta apa?”

“Nkhondo inatha kale.”

“Inatha, inde, koma inu mukugwa!”

Anavuula chipsi, kuthira m'mbale, kupukuta manja. Kenako analankhula motsitsa, osandiyang'ana. “Ndikakaima pamzere uja, pofika madzulo Phalula yense adziwa. Mawa lake adzagula ndani chakudya kwa munthu wa thovu? Tasha adzasewera ndi ndani? Inu, achemwali, simunadyepo mbale yanuyanu.”

Pakamwa panga pamakhala yankho nthawi zonse, funsani aliyense pamsika. Tsiku limenelo ndinangotembenuka n'kuchoka.

Ndinapita kwa Abusa. Ndinawapeza akupalira, ndipo anandimvetsera mpaka kumapeto, khasu lili m'manja. Anati tisale kudya, tipemphere. Nditawafunsa za mapiritsi anati, “Mayi, ine mankhwala sindiletsa. Koma munthu amene anamasulidwa abwereranji kukapempha unyolo?” Ndinawauza kuti kuletsa kwake n'komweko, angosiya kuzungulira. Sanandikalipire. Anangoyang'ana kumbali, kumene kunkaoneka malata a kachisi wawo, ndipo ndinaona kuti nawonso ali ndi mantha. Munthu amene anapukuta thovu ndi dzanja lake uja analibe chotaya. Uyu anali ndi mpingo wonse woimira pa msana wa mlongo wanga.

Maryam ndiye anapeza nzeru. Analira, anakana kudya, mpaka Noah anavomera kupita ku chipatala china chakutali, kutsidya la Shire, mbali ya Machinga, kumene palibe angamudziwe. Ananyamuka awiriwiri ngati akukaona abale. Anafika, anaima pamzere, zonse zili bwino. Atatsala pang'ono kulowa, mayi wina amene anali ndi mwana wodwala anamuyang'anitsitsa n'kuwomba m'manja.

“Si inu a Noah a umboni aja? Ndinakumvani kwathu! Ambuye alemekezeke, mwabwera kudzapempherera odwala?”

Mzere wonse unatembenuka. Maryam akuti anamuona mwamuna wake akuyang'ana chitseko cha adokotala, n'kuyang'ananso mayi uja. Kenako anati, “Eya, mayi, ndabwera kudzapemphera.” Anasanjika manja pamutu pa mwana uja, anapempherera mzere wonse mmodzimmodzi, anawauza kuti apambana kale, ndipo anabwerera ku Phalula chimanjamanja. Maryam anandifotokozera akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ine sabata yomweyo ndinanyamula tomato wanga kuchoka kutsidya la msewu, kumene kumaima mabasi ambiri, n'kudzaunjika pambali pa chiwaya.

Zizindikiro zake ndinkazidziwa kuyambira ubwana. Amayamba wakhala chete, kenako amatafuna pakamwa popanda kanthu, maso n'kuima. Ndiye ndinkagulitsa ndi diso limodzi, linalo lili pa iye. Akakhala chete pang'ono ndinkamufunsa zopanda mutu kuti ndingomva mawu ake, mpaka ankakwiya. Ndinkaopa ngakhale kupita kukataya madzi. Miyezi inadutsa choncho, ndipo ndinaonda kuposa wodwalayo.

Zinachitika masana a tsiku la msika. Basi ina inaima chapatali pang'ono, mayi wina ali pazenera n'kukodola tomato. Ndinayang'ana Noah, anali akuseka ndi dalaivala wina. Ndinanyamula beseni n'kuthamanga. Ndili pazenera paja ndinamva kukuwa kumene ndinakumva koyamba pa mjigo ku Utale. Potembenuka, anali atagwera kutsogolo, mkono wamanja uli m'mafuta, chiwaya chikupendekeka, nkhuni zamoto zikumwazika.

Anthu anachita zimene amachita nthawi zonse, anabwerera m'mbuyo n'kupanga bwalo. Amayi a mumpingo mwake amene amagulitsa pamsikapo anayamba kuimba ndi kupemphera mokuwa, kudzudzula chiwanda m'dzina la Yesu, koma ataima patali poti thovu lingawafike. Ine ndinkathamanga, koma ndinali patali. Amene anafika ndi Che Hamadi. Analumpha tebulo lawo la nyama, anamugwira Noah pa lamba n'kumukokera pa fumbi, anazimitsa malaya ake ndi manja, anamugoneka cham'mbali n'kumupukuta kukamwa ndi mkanjo wawo.

“Wallahi, anthu inu!” anakuwa. “Mukuimba chiyani? Madzi! Bweretsani madzi! Mkamwini wanga akupsa, inu mukuimba!”

Aka kanali koyamba kumutchula kuti mkamwini.

Noah anakhalitsa m'chipatala. Mkono unapsa kuyambira m'zala mpaka m'phewa, ndi nthiti zomwe. Anamwino ankabwera ndi mapiritsi a khunyu m'mawa ndi madzulo, ndipo poti munalibe womudziwa m'chipindamo, ankameza osatsutsa. Sanagwenso nthawi yonseyo. Koma ku Phalula nkhani inali itaweruzidwa kale. Pa mjigo, pa chigayo, m'maminibasi, mawu anali amodzi: wapsa, ndiye sachiranso. Tasha anabwera kunyumba akulira kuti anzake amukaniza kumwera kapu yawo.

Abusa ankabwera kudzamuona pafupipafupi, pa njinga, ulendo wautali, ndipo ankapemphera naye mpaka kutuluka thukuta. Noah atatuluka m'chipatala, Abusa anakonza Lamulungu la chiyamiko. Anati Satana waponya mtumiki wa Mulungu pamoto koma walephera kumupha, ndipo chimenecho ndi chipambano choposa choyamba chija. Ine ndinapita nawo, ngakhale mtima sunkafuna. Amayi ake a Maryam anatumiza thumba la mpunga kuchokera kwa Mposa kudzera mwa Che Hamadi, mphatso yoyamba chikwatiwire mwana wawo, ndipo ndi umene unaphikidwa tsikulo.

Noah anaimirira kutsogolo, mkono uli m'mabandeji. Analankhula bwino kuposa kale lonse. Za khunyu sanatchule, za mapiritsi sanatchule. Anati mdani anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, anamukankhira m'mafuta, koma Mulungu anatuma munthu. Anakweza mkono wopsawo m'mwamba n'kufuula kuti, “Tapambana kale!” Kachisi yense anadumpha, ng'oma zinalira, amayi ena anagwa pansi ndi chimwemwe. Musaganize kuti ankanama. Ndinamuyang'ana m'maso, ankakhulupirira liwu lililonse, ndipo misozi inali mbwembwembwe.

Titatuluka, anayala chakudya pansi pa mitengo, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo. Abambo anasamba m'manja n'kuzungulira mabeseni a mpunga ndi nyama. Noah anasamba dzanja lake lamanzere, akuseka, n'kulunjika pa beseni la Abusa ndi akulu a mpingo, pamene wakhala akudyera zaka zonsezi. Asanakhale pansi, Mayi Maness, mtsogoleri wa amayi, anabwera n'kugwada mwaulemu wonse. Anali ataika kampando pambali pang'ono, pamthunzi wabwino. Pakampandopo panali mbale yodzaza bwino, nyama yambiri kuposa ya wina aliyense, ndi kapu ya madzi.

“Yanu ndi iyi, bambo a Tasha.”

Akulu a mpingo anaweramira m'beseni ngati ataya singano mumpunga. Ndinayang'ana Abusa. Dzanja lawo linali m'malere, lonyowa, ndipo ndinaona milomo yawo ikugwedezeka. Akanangonena kuti bwera kuno, mwana wanga, zikanatha. Anayang'ana akulu aja, anayang'ana anthu onse amene anadzaza bwalo, ndipo dzanja lija linatsikira m'beseni.

Ndinaimirira kuti ndiwauze zonse, kuyambira njerwa mpaka malata. Koma Noah anandiona, ndipo anapukusa mutu pang'ono, kundipempha. Kenako anatembenukira kwa anthu, anaseka kuseka kwakukulu n'kunena kuti, “Taonani! Wopambana amadya ngati mlendo wolemekezeka!” Anthu anaseka nawo, kuseka kopepukidwa, ena mpaka anati ameni. Anakhala pansi, anatseka maso, anadalitsa chakudya chake yekha. Mbaleyo sinali yobiriwira, inali yoyera ya maluwa, yatsopano. Koma anakhala mmene ankakhalira pakhonde paja, atatiyang'ana.

Amene anasuntha ndi Maryam. Ananyamula mpunga wake m'manja, Tasha ali pambuyo, anadutsa bwalo lonse kulowa mbali ya abambo kumene mkazi safikako nthawi ya chakudya. Anagwada, anakhuthulira mpunga wake m'mbale ya mwamuna wake, n'kuyamba kudya. Anatapa wina n'kumupatsa mwana.

“Mayi a Tasha, mukundichititsa manyazi,” Noah ananong'ona.

“Mpunga ndi wa kwathu uwu,” anatero Maryam. “Ndidyera pamene ndafuna.”

Noah anatapa ndi dzanja lamanzere, mpunga wina n'kumagwera pansi.

Mwina mukuganiza kuti atatero anausiya mpingo, kapena anasiya chiwaya. Simukumudziwa mlongo wanga. Ndinamuuza kuti tigulitse chiwayacho ayambe za tomato ndi ine. Anati akachoka pamoto ndiye kuti wavomera pamaso pa Phalula yense kuti mdani wapambana, ndipo zaka zonse zija zinali bodza. Kumpingo amapitabe Lamulungu lililonse, amachitirabe umboni alendo akabwera, ndipo pa chakudya kampando kake kamakhala kokonzeka. Ndikamunyoza amati kumeneko n'kumene anadya ndi anthu koyamba, apitenso kuti?

Mapiritsi akumwa, koma ngati wakuba. Amameza m'mawa kuseri kwa chitseko, ndipo dzina lake m'nyumbamo satchula. Akatsala pang'ono kutha, Che Hamadi amalengeza mokweza pamsika kuti akupita kukagula mbuzi ku Machinga ndipo akufuna mkamwini akawathandize kukoka. Amabwerako ndi mbuzi zoona, chinacho chili m'thumba la mkanjo. Nthawi zina amakapeza mankhwala kulibe, ndipo masabata amenewo ine sindigona bwino. Anthu a pa Phalula ambiri anasiya kugula chipsi chake. Amadutsa, kupereka moni wabwino, kufunsa za mkono, n'kukagula kwa wina kutsogolo. Amene amadya ndi a m'mabasi ndi madalaivala osadziwa kanthu, komanso Che Hamadi, amene masana alionse amaima pakati pa msika ndi mbale ya chipsi, n'kumatafuna mokweza kuti aliyense aone.

Mwezi wathawu mbuzi zinabwera zokha, mankhwala kunalibe. M'mawa mwake ndinafika pamsika n'kumupeza wayala kale nkhuni koma sanayatse. Anali ataima, machesi ali m'manja, akuyang'ana chiwaya. Nditamaliza kuunjika tomato anandiyandikira, anayang'ana uku ndi uku, n'kukweza malaya ake kumbuyo pang'ono. Pa lamba anali atamangapo chingwe chopota ndi nsanza za chitenje, chachitali ndithu, chofika pamene ndimakhala ine. Anandiika nsonga yake m'manja.

“Gwirani, achemwali,” anatero. “Koma anthu asaone.”

Ndinachizunguliza pa dzanja n'kuphimba ndi chitenje changa. Iye anayatsa moto, anathira mafuta, ndipo basi yoyamba itaima anakweza mkono wake wa malaya aatali n'kufuula kuti, “Chipsi chotentha, bwana! Tapambana kale!”